Pamapu Anajambulapo Njuchi

Ayi, si njuchi. Yamba ndi mawu amenewo, kuti amayi alangiziwo amve msanga: pakathengo kaja palibe njuchi, ndipo sizinakhalepo n'kale lonse. Tabwereza funso lawolo, makutuwa amva theka. Eya. Akuti n'chifukwa chiyani tsiku la msonkhano ndinati "pamenepo ayi", kenako n'kutseka pakamwa ngati ndameza fupa. Chabwino, ndiwayankha. Koma iwe uzilemba momwe ndikuyankhuliramu. Usakonze. Chichewa chanu cha kusukulu chimachotsa mchere m'mawu.

Amayi alangizi, ndine gogo uja ndinakhala kumapeto kwa mphasa, wa mpango wofiira, amene munandifunsa ngati ndikumva. Kumva ndimamvako, maso ndi amene ananditsogolera kale kumanda. Amene akudina pafoniyu ndi mdzukulu wanga. Nayenso ndi mayi, wake ali kumsanaku, n'chifukwa chake ndamulola kukhala pano. Akanakhala namwali wosabereka ndikanamutuma kumadzi.

Choyamba ndikuuzeni kuti ntchito yanu ija sindikuinyoza. Pamene kandege kanu kankalira pamwamba pa phiri, ana akukathamangira, ine ndinati awa nawo abwera kudzatiseweretsa. Koma tsiku munatambasula chipepala chachikulu chija, mapu aja, anthu onse anasendera pafupi. Ine ndinkangoona mitundu yokha, mdzukuluyu ndi amene ankandinong'oneza. Ati apa pofiira ndi pamene nthaka ikuthawa. Apa ndi chigwembe chija chinadya munda wa malemu mng'ono wanga, chayamba kale kukwawira kunjira ya ku Msakambewa. Ati phiri lathu ukalionera kumwamba lili ngati mutu wa mwana wodwala chipere, apa tsitsi, apa mbee. Ndinamva chisoni ngati andionetsa m'bale wanga atavulidwa. Timakhala pansi pake tsiku ndi tsiku, koma sitinkadziwa kuti latha chomwecho.

Munati tikadziwa mmene madzi amayendera, tidziwa pobzala mitengo, pokumba ngalande zotchinga madzi, pobzala udzu uja wa vetiva, ndi potsegula madimba kuti tisamangodalira chimanga cha dzinja. Mawu abwino. Kenako munafunsa kuti akasupe akale anali pati. Abambo anayankha molimbirana. Wina wa pamkuyu pamene ankamwetsa ng'ombe, wina wa kuseri koyang'ana ku Ntchisi, wina wa pamphambano. Onsewo ndikuwadziwa, ndinatungapo. Onsewo anauma. Inu munkangoika timadontho.

Ndiye munaloza kamalo kamodzi kobiriwira kwambiri, m'khwapa mwa phiri. Munati, "Nanga apa? Pena ponse payera, apa pokha mitengo yatsala ikuluikulu. Pali chiyani?"

Anayankha ndi wapampando wa komiti yathu. Munthu ameneyo ndi mwana wa mng'ono wanga, malemu uja. Ndinamubereka kumsana ine, anandinyowetsera zitenje zambiri. Ati, "Apo ndi panjuchi. Kuyambira tili ana, ukangoyandikira zimakupha."

Mnzake wina ati, "Iwe zinakulumapo?"

Ati, "Zindiluma bwanji ine wochenjera? Sindinafikepo."

"Nanga mphuno yotupayo unaitenga kuti?"

Anthu anaseka, ndipo mnzanu uja wa chipewa anajambula kanjuchi pamapu, ndi timapiko take tomwe. Anthu anasekanso.

Kenako inabwera nkhani ya njerwa. Mukudziwa kuti tikufuna kumanga kanyumba ka sikelo, kuti amayi asamayezetse ana pansi pa mtengo mvula ikugwa. Njerwa anaumba kale, zikuuma padzuwa, chatsala ndi nkhuni zowotchera. Inu munati phiri lisadulidwe ponseponse, tisankhe malo amodzi, kwinako zitsa ziphukire. Anthu anati basi, tidule panjuchi, mitengo yake ndi yokhwima. M'pamene mawu aja anandipulumuka. "Pamenepo ayi."

Mwana wa mng'ono wangayo ati, "Amayi aakulu, musaope. Tikazifukiza utsi, uchi woyamba tikupatsani inu."

Ndinatembenuka uku ndi uku kufuna mayi mnzanga woti atsokomoleko pang'ono, ndidziwe kuti tili awiri. Panalibe. Amayi anali ambiri pamphasa paja, koma onse ana adzulo, onse akuseka za uchi. M'pamene ndinazindikira kuti ndatsala ndekha. Ndipo abambo anali pomwepo. Lilime linangolemera.

Tsopano mverani. Iwe, khazika mwanayo bwino, ulembe mosaphonya.

Nkhani ya njuchi ndi bodza la amayi. Analipeka ndi agogo athu, ife tinalipeza, nafenso tinalipatsira ana athu. Ndili kamtsikana ndinkalikhulupirira ndithu. Potola nkhuni tinkazungulira kutali, tikutchera khutu ngati kukulira kanthu. Bodza limenelo lasunga mitengo ija kuposa lamulo lililonse. Koma lero latitembenukira, chifukwa anthu a masiku ano njuchi saziopa, amazikonzera ming'oma.

Zoona zake ndinayamba kuzidziwa pa mimba yanga yoyamba. Amuna anga anali kuesiteti nthawi imeneyo, pa utenanti wa fodya, ine ndili kwathu kuno ndi amayi. Unali mwezi wotentha, uja nthaka imawotcha mapazi, mitengo ya mombo itaphuka masamba ofiira. Matenda anandiyamba m'mawa, pofika masana zinali zitatha. Mwana anabwera, koma sanalire. Ndinkadikira kuti alire. Azamba anamutembenuza, anamuwaza madzi, ziii. Kenako anandiphimba kumaso ndi chitenje.

Kwathu kuno mwana wotero timati nthayo. Maliro ake salira, uthenga satumiza, okumba manda saitana. Abambo amangouzidwa kuti zalephereka, basi. Amayi anandigwira pakamwa ndithu, ati, "Usalire, ukalira utseka njira ya anzake." Anamukulunga m'kansalu, anatuluka naye iwo ndi azamba, atanyamula kakhasu kakutha ngati akupita kokumba mankhwala. Ine anandisiya m'nyumba. Sanandiuze ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Mpaka lero sindidziwa.

Atabwerako, ine ndili chigonere pamphasa, chimene ndinaona ndi mapazi a amayi. Anali ndi matope. Matope akuda, onyowa, mpaka m'akakolo. Mwezi umenewo, dziko lonse lili fumbi, kudambo kutang'ambika ming'alu. Ndinati, "Amayi, matopewo mwawaponda kuti?" Ati, "Gona." Anakasamba kuseri. Zinthu zambiri ndaiwala, ngakhale nkhope ya amayi inayamba kundisokonekera, koma mapazi amenewo ndimawaona ndi maso akufawa.

Amuna anga atabwera kuchokera kuesiteti anali ndi kachipewa ka ulusi m'thumba, anagula kumsika wa kumeneko. Anayang'ana kumsana kwanga, anayang'ana pansi, kachipewako anakabwezera m'thumba. Sanafunse kuti munamuika kuti. Mwamuna safunsa zimenezo. Takalambira limodzi, amwalira osadziwa kuti popita kumunda ankadutsa pafupi ndi mwana wawo.

Panapita zaka, ndinabereka ena, anakula. Kenako zomwezo zinamugwera mng'ono wanga, mimba yoyamba nayenso, wapampando wanuyu asanabadwe. Pamenepo ndinali wamkulu, amayi anati, "Nyamula khasu, tiye." Tinalowera njira ya panjuchi. Ine ndinaima, ndikuopa njuchi. Amayi ati, "Yenda, chitsiru iwe, njuchi zake ndi ife."

M'kati muja, amayi alangizi, ndi dziko lina. Ukangolowa, kutentha kumatsala panja ngati galu woletsedwa kulowa m'nyumba. Muli mitengo ya katope, ija imakonda madzi, ndi mkuyu umodzi waukulu, mizu yake itakumbatira miyala. Pansi pali masamba ovunda, ukaponda phazi limamira, madzi akuda n'kutuluka pakati pa zala. Kasupe woonekera, woti n'kuikapo chikho, mulibe. Madzi ake amayenda pansi pa miyala, umangowamva.

Tinakumba pang'ono, kadzenje kosafika n'bondo lomwe. Mwana wotere saikidwa mozama, akuti ukamuzamitsa wakwirira mimba ya mayi wake. Saikidwanso pouma, akuti mimba ingaume. N'chifukwa chake agogo athu anasankha pamenepo, pamene sipauma chaka chonse. Tinamugoneka, tinabwezera dothi ndi manja, tinasanjapo miyala kuti afisi asafukule. Mtumbira palibe, mtanda palibe, nyimbo palibe. Ndikuimirira, amayi analoza ndi mlomo pa katope wina wopendekera kumadzulo. Ati, "Wako ali apo."

Ndiye mwala uliwonse mungauone mmenemo si mwala wamba. Ana a mudzi uno amene sanalire ali mmenemo, a agogo athu, a amayi athu, athu. Mwini nkhwangwayo, wapampandoyo, mkulu wake ali mmenemo, iye sadziwa. Amadziyesa woyamba kubadwa.

Walemba? Usalire iwe, unyowetsa foni.

Zaka zotsatira, phiri linayamba kutha tikuona. Fodya atabwera mwamphamvu, aliyense ankafuna mitengo ya zigafa zoyanikamo fodyayo. Kenako makala. Kenako nkhuni zokagulitsa kunjira ya ku Dzaleka, anthu atachuluka kumeneko. Nanenso ndinasenza mitolo, mwana akamalira njala suyang'ana kuti mtengo uwu ndi wa chiyani. Masuku amene tinkatola mpaka kutaya anatha. Bowa anatha. Akasupe anayamba kufa mmodzimmodzi ngati nkhalamba m'nyengo yozizira. Wa pamkuyu uja anayamba ndi kutulutsa madzi ofiira, kenako anangosiya.

Koma panjuchi nkhwangwa sinalowe. Ndipo chaka chija mvula inadula chimanga chili m'chiuno, zitsime zonse zitauma, m'pamene amayi anationetsa chinthu china. Kumunsi kwa kathengoko, ukatuluka m'mitengo n'kutsika pang'ono, pali thanthwe lopendekeka, m'mphepete mwake mumamera mlulu. Ukafukula mchenga pansi pa thanthwelo ndi manja, madzi amabwera, oyera, ozizira mpaka kuwawa mano, muli ndi tinkhanu tomwe. Ine ndinakana kumwa. Ndinati, "Amayi, madzi ochokera kwa ana aja?" Ati, "Madzi ali m'thengo ndi awo. Akatuluka ndi a amoyo. Imwa." Ndinamwa. Mudzi wonse unamwa chaka chimenecho. Abambo tinkawauza kuti tatunga kumtsinje wa kutali, iwo n'kumatiyamikira kuti akazi a pano ndi olimba miyendo.

Mvula itabwerera tinakwirirapo, chifukwa njira ikanapondeka, ana akanaitsata mpaka m'mitengo. Kenako kunabwera mjigo, anthu anaiwala. Mjigowo mukuudziwa, uja umatulutsa mphepo yokhayokha mwezi wotentha.

Mwambo nawo unatha wokha. Akazi anayamba kuchilira kuchipatala, zikalephereka zimathera kumanda a anthu onse, abusa ali pomwepo. Sindikudandaula ayi, ana ambiri akulira tsopano amene kale sakanalira. Koma ife odziwa njira ya pakatope tinayamba kuchepa. Amayi anga anapita. Azamba anapita. Mng'ono wanga wapita dzinja lapitali. Ndi amene tinkapita naye nthawi zina, titanamizira kukafuna mankhwala, n'kukangokhala pamuzu wa mkuyu, aliyense akuyang'ana mwala wake.

Msonkhano wanu utatha ndinapitako ndekha ndi ndodo, masana dzuwa lili pamutu. Njira inatsekeka ndi minga, koma mapazi akuikumbukira. Ndinamupeza katope wanga uja, wanenepa, akupendekerabe kumadzulo. Ndinakhala pansi, ndinaika dzanja pamwala. Kuzizira kwake. Ndiye ndinawamva madzi aja pansi. Amayi alangizi, inu munaphunzira, mwina munena kuti ndi madzi chabe akudutsa m'miyala. N'zoona, ndi madzi. Koma ine ndinamva ngati mwana akuyamwa. Kaphokoso kaja amachita akagwira bere bwino, kumeza, kupuma, kumeza. Wanga sanayamwepo. Mabere anandiwawa masiku ambiri nthawi ija, mkaka ukungotayikira m'chitenje. Ndinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha, ndikumvetsera. Ndipo kumudzi kuno kunkamveka wina akunola nkhwangwa pamwala.

Ndinayesa kumuuza wapampandoyo, mwana wa mng'ono wanga uja. Ndinamupeza akutembenuza njerwa kuti ziume mbali inayo. Ndinati, "Mwana wanga, mitengo ija isiye."

Ati, "Amayi aakulu, mwayambanso? Kodi njuchizo ndi abale anu?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndi abale ako iwe. Koma ndinakumbukira mawu a amayi anga. Anatiuza kuti mkazi woulula malo amenewo kwa mwamuna, ana ake aakazi ndi adzukulu ake mimba zidzawauma. Ine zanga zinatha, koma nanga uyu akulembayu?

Ukuseka chiyani tsono, posachedwapa umalira? Wati bwanji? Akuti iye anabayitsa kale jakisoni wolera, ndisamuvutikire. Taonani ana a masiku ano. Usalembe zimenezo. Walemba kale? Zisiye.

Ndalingalira masiku onsewa. Amayi ankaopa kuti abambo akadziwa adzapondapo. Lero abambowo akupita kukapondapo chifukwa sadziwa. Kukhala chete kwathu kunali mpanda, tsopano ndi komwe kukutsegulira nkhwangwa. Amayi akanakhala moyo, sindikhulupirira kuti akanasankha mwambo n'kusiya mwala wa mdzukulu wawo ukufukulidwa. Ngati ndalakwa ndikakambirana nawo komweko, sikutali.

Ndiye pempho langa ndi ili, mulimve bwino, chifukwa ndikuopa zinthu ziwiri. China ndi nkhwangwa. Mitengo ija ikagwa dzuwa lilowa, pansi paja pauma ngati pena ponse, ndipo mvula idzakokolola miyala ija n'kutsitsira tiana tathu kuchigwembe. Munationetsa nokha pamapu anu mmene madzi amathamangira paphiri lopanda mitengo, ndipo foni ya mdzukuluyu inanena kuti mvula ya chaka chino ibwera yaukali. Madzi a pathanthwe nawo adzafa ngati akasupe ena aja. Chinacho ndi khasu. Ndikuopa kuti mukamva kuti pali madzi, mubwera ndi anthu okumba chitsime m'kati mwenimweni. Ayi, chonde. Ana aja ali pamwambamwamba, khasu silingachedwe kuwapeza. M'mitengo musakumbe, musadule, musapachikemo ngakhale mng'oma wa njuchi. Kumbani kumunsi, pathanthwe pali mlulu paja. Mdzukuluyu ndimuonetsa, adzakutsogolerani. Kumunsi kwakenso kuli malo osalala, nthaka yakuda, madimba aja munkanena angakhale pamenepo. Amayi azilima tomato ndi mpiru m'chilimwe, asiye kusenza nkhuni kupita nazo kumsewu.

Za njerwa musade nkhawa. Kanyumba ka sikelo ndikukafuna kuposa onse anali pamsonkhano paja. Ine ndinali ndi mwana amene sanakwerepo sikelo. Ndili ndi mabulugamu anabzala malemu amuna anga m'mphepete mwa dambo, ndinkawasungira bokosi langa. Adule amenewo, amamwanso madzi ngati zidakwa. Ine adzandikulunga mumphasa mmene ankachitira kale, sindidzamva kuzizira.

Wati chiyani? Eya, ndikudziwa kuti mapu aja amaonedwa ndi abambo. Ndikudziwa kuti uthengawu akauwerenga pakomiti. Awerenge. Koma amayi alangizi, mwana wa mng'ono wangayo asaumvere pagulu poyamba. Mubwere naye kuno, ndimukhazike pansi, ndimuuze ndekha kuti ali ndi mkulu wake. Si mwana wamwano ameneyo, ndife tinamunamiza. Asachite manyazi chifukwa cha bodza la amayi ake.

Ndipo kanjuchi kaja mukafufute. Muikepo kadontho ka madzi ngati munaika pa akasupe akufa aja, koma aka kaoneke kuti n'kamoyo. Kaya muli ndi mtundu wosonyeza malo osapondapo, inu mukudziwa. Dzina musalembepo. Amene ali pamenepo analibe mayina.

Akuti Loweruka lino alowa ndi nkhwangwa, ndiye musati tidzaona mwezi wamawa.

Ayi, usandiwerengere. Ndikamva mawu amenewa akutuluka m'kamwa mwa munthu wina ndikuuza kuti ufufute, ndikudzidziwa ine. Ndipatse mwanayo ndimugwire. Thamangira pachulu paja pamagwira netiweki, ukatumize pompano, ndipo usatsikepo mpaka foniyo ikuuze kuti uthenga wafika.